Funsani Anamwino: Ndinasiya kusamba, nanga chimimbachi chachokera kuti?

Mwezi uno mafunso ambiri amene alowa pa WhatsApp yathu ndi okhudza azimayi amene anasiya kusamba kapena ali pafupi kusiya, ndipo olo aliyense wafunsa mwa njira yake, nkhani ikungozungulira pa mafuta. Ena mafuta a pamimba, ena mafuta a m'magazi amene awapeza ku labu. Ndasankhapo 6. Maina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Zikomo Anamwino. Ine ndili ndi zaka 52, ndimagulitsa kaunjika, ndipo papita zaka ziwiri chisiyireni kupita kumwezi. Vuto langa ndi mimba. Masiketi anga onse zipi sakutsekanso koma pa sikelo ndangowonjezera makilo atatu basi, pamene miyendo ndi mbina zikuoneka ngati zikuchepa kumene. Kadyedwe sindinasinthe. Anzanga ku Mvano akumati geni ikuyenda mayi mwayamba kumva kukoma, koma ine mtima suli m'malo. Kapena ndi chotupa? — Mayi wa ku Area 25

Mayi, tiyambe ndi za chotupazo kuti mtima ukhale pansi. Ngati mimbayo yakula mwachangu m'masabata ochepa, ndi yolimba, ikupweteka, mukukhuta msanga mutangodya pang'ono, kapena mwaonanso magazi, pitani akakuoneni sabata yomwe ino ndipo mupemphe sikani. Za magazizo nditsindike, munthu amene wadutsa miyezi 12 osasamba kenako nkuona magazi olo kadontho kamodzi, si msambo wabwerera ayi, akuyenera kuyezedwa chiberekero, khansa ya khomo la chiberekero kuno kwathu ndi yambiri ndipo sitimasewera nayo.

Koma mmene mwafotokozeramu, kuti yakula pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri uku mbina ikuphwa, zikundiuza kuti mafuta anu asamuka. Zaka zonse zija mumasamba, timatumba ta mazira timatulutsa homoni yotchedwa estrogen, ndipo imodzi mwa ntchito zake nkuuza thupi kuti mafuta lizisunga ku mbina ndi m'ntchafu, pansi pa khungu. Mafuta a kumeneko savutitsa mtima kwenikweni. Nde pakati pa zaka 45 ndi 55, pamene azimayi ambiri amasiya kusamba, estrogen ija imatsika kwambiri, thupi nkuyamba kusunga mafuta ngati la mwamuna, mkati mwa mimba. Munaphapo nkhuku yachikuda yonona mukaona mafuta achikasu aja atakuta matumbo, eti? Ndi omwewo, kungoti mwa munthu. Nthawi yomweyonso minofu imayamba kuchepa chifukwa cha msinkhu, nde nyama ikuchoka mafuta akulowa, sikelo nkumangokuuzani kuti makilo atatu basi ngati palibe chachitika.

Chimene ndimadera nkhawa ndi mafuta a mkatiwa nchakuti sakhala phee. Magazi ochokera m'matumbo amapita kaye ku chiwindi, nde chiwindi chimangolandira mafuta tsiku ndi tsiku, nacho nkuyamba kuwathira m'magazi, thupi limayamba kusamvera insulin, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi, shuga akwera, BP nayo ikwera, ndipo zonsezi zimachitika inu mukumva bwinobwino, mukukweza mabelo pa msika ngati kale.

Ndiye siyani kaye sikelo, bwerekani tepi kwa atelala. Imirirani, tepiyo idutse pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, kwa ambiri ndi cha pa mchombo pomwepo, pumirani kunja bwinobwino osabweza mimba mkati, muwerenge. Kwa mzimayi, kupitirira masentimita 80 chiopsezo chayamba, kupitirira 88 chakula ndithu, awa ndi manambala amene a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amagwiritsa ntchito. Tepi ikasowa tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, muchipinde pawiri, chizungulire mimba. Chikakana kukumana ndiye kuti pali ntchito.

Ndipo simuli nokha. Pakati pa 2013 ndi 2016 a bungwe la kafukufuku la MEIRU anayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 kwanu komweko ndi ku Karonga, mwina ena mwa oyandikana nawo nyumba anayezedwa nawo. Anapeza kuti mwa azimayi 100 aliwonse a mu town 44 anali onenepa kupitirira muyezo, pamene azibambo anali 18 okha. Ife tinakula tikumva kuti mwanenepatu ngati moni wachikondi, kutanthauza kuti pakhomo pali mtendere, bambo akusamala, ndipo anzanu a ku Mvanowo sakunena ndi mtima woipa. Koma ine ndagwira ntchito mu wodi ya azimayi zaka zambiri, ndaona amayi abwinobwino, osunga mabanja, atsogoleri a banki m'khonde, akubwera atanyamulidwa mkono ndi mwendo zitafa mbali imodzi, ndipo ukafunsa achibale amati koma sanadwalepo, anali onenepa bwinobwino. Zimandiwawa mpaka pano.

Chochita choyamba nkuyenda, kuyenda kwa ndawala kofika poti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula, mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Kukhala pa benchi tsiku lonse kudikira makasitomala si kuyenda olo mufike kunyumba mutatopa. Tsikani minibasi masiteji awiri musanafike, kabaza wa pafupipafupi musiyeni. Mafuta a mkatiwa ubwino wake ndi oti amamva msanga munthu akayamba kuyenda, tepi imayamba kusintha sikelo isanasinthe. Kenako mukayezetse BP ndi shuga. Za zakudya werengani yankho lachitatu.

Anamwino, ine ndi wa zaka 55, ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku City Centre ndipo si ine wonenepa, anthu amachita kundisirira. Kuntchito anatitumiza kukayezetsa ndipo pepala langa lalembedwa total cholesterol 6.4, LDL 4.3, HDL 1.1, triglycerides 2.3. BP inali 148/92 ndipo bambo anga anamwalira ndi sitiroko. Adokotala akuti ndiyambe atorvastatin koma ndikuopa, akuti ukayamba ndi mpaka kale. Komanso ine ndimagula mafuta ophikira olembedwa cholesterol free, nde yachokera kuti? — Mayi wa ku Area 47

Achemwali, mwachita bwino kulemba manambala onse, tiyeni tiwaone limodzi. Mafuta sasungunuka m'madzi, nde kuti ayende m'magazi amachita kunyamulidwa. LDL ndi imene imanyamula cholesterol, mtundu wina wa mafutawo, kuchokera ku chiwindi kupita nayo m'thupi, ikachuluka imalowerera m'zipupa za mitsempha ya magazi nkumaunjikana mmenemo chaka ndi chaka, njira nkumachepa ngati paipi ya madzi imene yagwira dzimbiri mkati. Tsiku lina pamene paunjikanapo pamang'ambika, magazi nkuundana pomwepo, njira nkutsekeka. Zikachitikira mu mtsempha wodyetsa mtima ndi ija timati mtima waima kapena heart attack, zikachitikira ku ubongo ndi sitiroko. HDL imagwira ntchito yobweza, kutola cholesterol kupita nayo ku chiwindi. Triglycerides ndi mafuta enieni amene thupi limapanga kuchokera ku chakudya chotsala, makamaka shuga, ufa woyera ndi mowa.

Kwa munthu amene alibe matenda ena timafuna total ikhale pansi pa 5.2, LDL cha pansi pa 3, HDL ya mzimayi 1.3 kupita m'mwamba, triglycerides pansi pa 1.7. Manambala amenewa ali mu muyezo wa mmol/L, koma malabu ena amalemba mu mg/dL, pamenepo 5.2 ija imakhala 200 ndipo 1.7 ija ndi 150, nde muziona kaye muyezo umene alemba pambali musanadzidzimuke. Anu onse anayi ali mbali yolakwika, osati moopsa kuti mugone kuchipatala lero, koma mukaphatikiza ndi BP yodutsa 140/90 ndi mbiri ya bambo anu, ndikumvetsa chifukwa chake adokotala anena za mankhwala. Dokotala sayang'ana nambala imodzi, amaphatikiza zaka, BP, shuga, fodya, ndi za kumtundu.

Yachokera kuti? Mbali yaikulu ya cholesterol ya m'magazi thupi limapanga lokha ku chiwindi, yochokera m'mbale ndi yochepa. Estrogen imathandiza chiwindi kuchotsa LDL m'magazi, nde ikatsika LDL imatsalira. Ku America kuli kafukufuku wotchedwa SWAN amene wakhala akutsatira azimayi oposa 3,000 kuyambira 1996, ndipo anaona kuti LDL imakwera mwachangu m'chaka chozungulira msambo womaliza, kusonyeza kuti si ukalamba wokha koma kusiya kusamba kwenikweniko. Mu 2020 a American Heart Association anachita kulemba chikalata chapadera chonena kuti nthawi imeneyi ndi yofunika kuti madokotala aziyang'anitsitsa mtima wa mzimayi. Nchifukwa chake munthu wochepa thupi ngati inu atha kukhala ndi LDL yokwera, kwinanso ndi za kumtundu, ndipo tepi ija inunso muyeze, alipo ambiri owonda manja ndi miyendo koma kamimba kali patsogolo.

Za cholesterol free zo, ndikuuzeni zoona, mafuta onse ochokera ku mbewu, kaya a mpendadzuwa kaya a soya kaya a mtedza, alibe cholesterol chiyambire, cholesterol imapezeka mu zochokera ku nyama basi. Nde kulemba choncho pa botolo sikukuuzani chachilendo chilichonse. Chofunika kuyang'ana ndi mtundu wa mafutawo. Amene amaundana kukazizira, monga a nyama, batala, majarini olimba aja ndi mafuta a kanjedza otchedwa palm, ndi amene amakankha chiwindi kuti LDL ikwere. A mpendadzuwa ndi a soya ali bwino, bola osathira ngati mukutsuka poto.

Tsopano mantha anu. Inde nthawi zambiri atorvastatin ndi wakumwa nthawi yaitali, chifukwa sachiritsa chiwindi kuti chisinthe khalidwe, amangochigwira dzanja kuti chipange cholesterol yochepa, mukasiya imabwerera. Koma kamodzi patsiku, poyerekeza ndi kugona pa mphasa zaka 10 ana akukutembenuzani, ine ndingasankhe kambewu ka mankhwalako. Mankhwala a gulu limeneli akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira cha m'ma 1980 ndipo ndi amodzi mwa ofufuzidwa kwambiri. Ena amamva kuphwanya kwa minofu, mukamva zimenezo, makamaka mkodzo ukada ngati tiyi, bwererani kwa adokotala asinthe mlingo kapena mtundu, osangosiya mwakachetechete. Ngati mtima wanu sukulolabe, kambiranani nawo kuti muyese kaye miyezi itatu ya kusintha kadyedwe ndi kuyenda kenako muyezenso, amatha kuvomera, koma BP yo musaiyike pambali, iyezedwenso masiku angapo osiyana ndipo ikapezekabe pamwamba ikufuna chithandizo. Muwauzenso ngati munakhalapo ndi BP kapena shuga muli oyembekezera, olo papite zaka 25, chifukwa zimenezo zimawonjezera chiopsezo ndipo azimayi ambiri saganiza zozitchula.

Moni Anamwino. Mayi anga ali ndi zaka 61, ali ndi BP ndipo kuchipatala anawauza kuti achepetse thupi ndi mafuta. Ndimawaphikira ndine koma ndalama ndi yovuta, zakudya zimene ndimaona pa intaneti ndi za ma olive oil ndi nsomba za kunja. Ndiwapatse chani? — Mtsikana wa ku Chinsapo

Mwana wanga, Mulungu akudalitse posamala mayi ako. Zimitsa kaye intanetiyo upite pa msika wa pa Chinsapo pomwepo, zonse zofunika zilipo ndipo zambiri ndi zotchipa kuposa zimene zikuwadwalitsa.

Yamba ndi ufa. Mgaiwa m'malo mwa woyera, chifukwa gaga amene timataya ku chigayo uja ndi amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi komanso munthu amakhuta nthawi yaitali. Akaukana poyamba, sakaniza theka ndi theka azolowere. Ndipo mitanda ichepe, apa ndi pamene pamavuta kwambiri, ambiri timaganiza kuti mafuta a m'magazi amabwera ndi mafuta okha pamene mitanda inayi ya nsima yoyera masana ndi inayi madzulo thupi limaisandutsa mafuta omwewo. Mbale yawo theka likhale ndiwo zamasamba, nsima mtanda umodzi kapena iwiri yaing'ono, kotsalako nyemba kapena nsomba.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, izi ziwapeze pafupifupi tsiku lililonse ngati nkotheka, zili ndi timaulusi tina totchedwa fiber timene timagwira cholesterol m'matumbo nkutuluka nayo. Therere nalonso limachita zomwezo, kungoti soda uchepetse, soda ndi mchere ndi pachibale, onse amakweza BP. Nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, kholowa, khwanya, zotendera ndi nsinjiro, usaope nsinjiro, mafuta a mtedza ndi abwino ku mtima kusiyana ndi kukazinga masambawo m'mafuta ambiri. Nyengo ya mapeyala adye mapeyala, theka patsiku likwana. Usipa, matemba, utaka, ndi nsomba zabwino kwambiri ndipo poti timadya ndi minga yomwe zimalimbitsanso mafupa, amene amayamba kufooka mzimayi akasiya kusamba. Zouma zothira mchere uziyamba wazinyika m'madzi ofunda nkutaya madziwo. Mazira asakuopse, limodzi patsiku kwa anthu ambiri palibe vuto, lowiritsa.

Zochepetsa nazi. Tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu m'mawa uliwonse, chimenechi ndi chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi azimayi a msinkhu wa mayi ako, chifukwa saona ngati ndi chakudya, amati ndangomwa tiyi. Tsitsa supuni imodzi sabata iliyonse mpaka itsale imodzi, lilime limazolowera. M'malo mwa mandasi ndi buledi wopaka majarini, mbatata yowiritsa, maungu, phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera zija limakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'ono 7 kapena 8, pamene a WHO amati tsiku lonse tisadutse 12 ndipo bwino kwambiri 6, nde Fanta ndi Sobo zikhale za pa ukwati. Thobwa wothira shuga wambiri nayenso ali m'gulu lomwelo olo ndi wachikhalidwe chathu. Tchipisi cha pa chiwaya, mafuta ake amakhala atawira kambirimbiri mpaka kuda, chikhale cha mwa apo ndi apo. Nyama ya nkhumba yonona, mang'ina, zam'kati, soseji, khungu la nkhuku, osati kuletseratu koma kamodzi pa nthawi ndipo mafuta oyerawo uzichotsa usanaphike.

Mchere ndi nkhani yaikulu kwa munthu wa BP. Tsiku lonse usadutse magalamu 5, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu ndiwo zonse. Timakyubu tokometsera ndiwo tija ndi tizokometsera ta m'mapaketi a soya pieces ndi mchere wokhawokha, ukathira timeneto usathirenso wina, ndipo kambale ka mchere kachoke pa mphasa podyera. Tomato, anyezi, adyo ndi mandimu zimakometsa bwinobwino. Mafuta ophikira uziyeza ndi supuni, osapungula kuchokera m'botolo, uona kuti botolo likukhalitsanso.

Chinthu china, usawaphikire mphika wawo wawo ngati wodwala, amakhumudwa ndipo amakadya mobisa kwa aneba. Nyumba yonse idye zomwezo, iwenso zikuthandiza. Ngati amafwenkha fodya wa pamphuno kapena kuika wa pansi pa lilime, uwanyengerere asiye, ndipo mbaula muziyatsira panja, utsi wa makala ndi nkhuni m'nyumba yotseka umawononga mtima ndi mapapo. Sakufunika kuwonda mpaka asinthe nkhope, munthu wa makilo 80 akatsitsa 4 mpaka 8 BP ndi shuga zimamva kale. Mankhwala a BP apitirize olo atamva bwino.

Ine ndili pa ma ARV kuyambira kalekale ndipo ndili bwino, tizilombo sitikuoneka. Ndili ndi zaka 49, msambo wayamba kudumphadumpha. Chisinthireni mankhwala ndanenepa kwambiri makamaka pamimba. Ndikufuna kuchepetsa koma ndikuopa kuti anthu ayamba kundiloza zala kuti ayambanso kudwala, ndinavutika nazo kale zimenezo. — Nachisale, Kawale

Anachisale, funso lanu landikhudza, chifukwa ndikukumbuka bwino zaka zija pamene kuwonda kunali ngati chidindo pamphumi, ndipo ambiri amene anadutsamo thupi lonenepa ndi umboni wawo woti anapulumuka. Sindikupeputsa zimenezo mpang'ono pomwe.

Zimene mwaonazo ndi zenizeni. Kuyambira 2019 dziko lino linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndi amphamvu ndipo ali ndi zovuta zochepa, koma zadziwika kuti ena amanenepa nawo, makamaka azimayi. Nde inu zakumana ziwiri, mankhwala ndi kutsika kwa estrogen. Pamwamba pa apo, munthu amene ali ndi HIV olo tizilombo titagona, chiopsezo cha matenda a mtima chimakhala chokwererako kusiyana ndi amene alibe. Musasiye kapena kudumphitsa ma ARV chifukwa cha thupi, chonde, amenewo ndiye moyo wanu. Ulendo wotsatira mukapita kukatenga mankhwala muwauze za kunenepaku, akuyezeni BP ndi shuga, ndipo mufunse za cholesterol. Akadzakulemberani mankhwala a mafuta kwina, muwauze ma ARV amene mukumwa, chifukwa simvastatin, amodzi mwa mankhwala a mafutawo, sagwirizana ndi ma ARV ena monga atazanavir ndi lopinavir.

Za anthuzo, cholinga chanu si kuwonda ayi, ndi kubweza mimba masentimita angapo. Munthu amene akuyenda m'mawa uliwonse, akunyamula ndowa yake, akulima kadimba, amaoneka wamphamvu, khungu limawala, saoneka wodwala. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri muziyenda limodzi kukamacha, anthu akaona gulu la azimayi atavala nsapato zothamangira amadziwa kuti ndi majimu, ndipo mudzadabwa kuti ena ayamba kukutsatirani. Ofuna kuyankhula anayankhula muli owonda, akuyankhulanso pano, musawapatse mtima wanu kachiwiri.

Pali tiyi wina akugulitsa pa Facebook akuti amasungunula mafuta a pamimba ndi kutsuka mitsempha m'masiku 14. Komanso mnzanga ali ku Johannesburg akumwa mahomoni akuti amateteza mtima. Ndigule ziti? — Mayi wa ku Area 49

Tiyiyo ayi mayi. Ambiri mwa matiyi amenewa ndi otsegula m'mimba ndi okodzetsa, chimene chimachoka ndi madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a BP atha kumugwetsa kapena kupweteka impso. Palibe chakumwa chimene chimatsuka mitsempha. Adyo, jinja, mandimu ndi chammwamba idyani ngati chakudya, nzabwino, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala.

Mahomoni ndi nkhani ina, ndi mankhwala enieni ndipo amathandiza kwambiri mzimayi amene akuzunzika ndi kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku mpaka kulephera kugona. Kale madokotala ankaganizadi kuti amatetezanso mtima, koma mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wa Women's Health Initiative anaonetsa kuti mwa azimayi amene ankamwa estrogen yophatikiza ndi homoni ina yotchedwa progestin, ambiri a iwo achikulire, sitiroko, kuundana kwa magazi ndi khansa ya m'mawere zinakwerako. Pano amaperekedwa pofuna kuthana ndi zizindikiro zovutazo, makamaka kwa amene sanafike zaka 60 kapena sanadutse zaka 10 chisiyireni kusamba, komanso kwa amene anasiya msanga kwambiri asanafike zaka 40 kapena anachotsedwa timatumba ta mazira. Si oti mnzanu akutumizireni pa basi, akufunika dokotala wa azimayi aone kaye mbiri yanu.

Anamwino, ndikulemba m'malo mwa akazi anga, ali ndi zaka 57 ndipo ali ndi shuga. Kwa masabata awiri tsopano akumatopa kwambiri, akangokwera kamtunda kochokera ku chigayo akumapuma movutikira ndipo akuti pachifuwa pamalemera, nthawi zina nsagwada ndi msana zimawawa, akapuma zimasiya. Dzulo zinawapeza atangokhala, anachita nseru ndi thukuta. Iwo akuti ndi zakusiya kusamba zomwezi kapena vuto la m'mimba, akumwa maganiziyamu. Tidikire? — Bambo wa ku Likuni

Bambo, uthenga wanu nditangouona ndinakuyankhani pa foni nthawi yomweyo, ndipo ndikuuika pano chifukwa azibambo ena akuyenera kuwerenga. Musadikire. Kulemera pachifuwa kobwera munthu akamakwera mtunda nkusiya akapuma, ndi chizindikiro choti mtima sukulandira magazi okwanira, ndipo poti tsopano zayamba kuwapeza atangokhala, zafika pofunika chipatala lero lomwe, olo ukhale usiku. Azimayi ambiri, makamaka a shuga, samva kupweteka koopsa kuja kogwira pachifuwa nkugwa, iwo zimabwera ngati kutopa, befu, nseru, thukuta lozizira, kuwawa kwa nsagwada, phewa, mkono kapena pakati pa msana, nde amangoti ndi mpweya wa m'mimba nkumamwa maganiziyamu masiku nkumapita. Kutentha thupi kwa kusiya kusamba sikubwera chifukwa chokwera mtunda ndipo sikulemeretsa pachifuwa.

Zitha kupezeka kuti ndi kuchepa kwa magazi kapena vuto lina la m'mapapo, koma zimenezo akanene ndi achipatala atawayeza. Pezani galimoto, asayende wapansi ndipo asakwere njinga, mupite chipatala chachikulu chimene angathe kujambula kagundidwe ka mtima, ECG, monga ku Kamuzu Central, kapena cha pafupi nanu akakutumizeni ndi kalata. Mukafika musakaime pa mzere wa odwala wamba, mukanene pakhomo pomwepo kuti ndi mayi wa shuga, pachifuwa pakulemera ndipo akubanika. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ndi azitsamba omwe ngati alipo. Ndipo mukadzaona kamwa yapotoka, mkono wafooka mbali imodzi kapena mawu sakumveka, imeneyo ndi sitiroko, nayonso ndi yothamanga nayo ola lomwelo, osayamba mwawapatsa phala kapena madzi chifukwa atha kutsamwa.

Amayi akakana kuti ndilibe kanthu ndiphike kaye, inu mulimbe mtima bambo, muwanyamule basi. Mundilembere mmene mwayendera.